Mmene Gologolo Anagulitsira Apongozi Ake

Padangokhala, padangotero, nthawi ija nyama zinali zitangophunzira kusoka matumba m'mabuluku. Mukhale nane bwino, nthanoyi iyamba pang'onopang'ono, poti m'menemo muli afulu.

Panali Gologolo. Gologoloyo anakwatira Nankhoma, mwana wa a Fulu, n'kumakhala komweko pachikamwini. Tsono inu mukudziwa mmene mkamwini amakhalira ndi apongozi ake aakazi. Sayang'anana, sadyera pamodzi, salankhulana pamaso. Akati akumane panjira, Gologolo ankalumphira pambali n'kuyang'ana uko, amake Nankhoma nawo mutu ndi miyendo lowu m'chigoba, phee, mpaka mkamwini adutse. Mawu onse ankadzera mwa Nankhoma. Ndipo Gologolo akamafika pakhomo ankayamba kaye kanyimbo ali patali, kuti apongozi amve, abisale bwino. Kanali kanyimbo kopempha njira. Woyimba amadzitcha kambalame kachilendo kofuna kudutsa pabwalo la eni ake, ndiye ana amavomera kuti kadutse, maso a onse ali pansi.

Zaka zinapita, ana anabadwa, koma Gologolo apongozi ake ankangowadziwira kutsokomola kwawo kuseri kwa mpanda.

Gologolo ndi khasu sankamwerana madzi. Tsiku lina anazemba kumunda n'kupita m'tauni kukangoyenda. Anapeza nyumba ina yoyera mbee, m'kati muli akuluakulu a mimba zawo ataima duu, manja kumbuyo, akuyang'ana chiguduli chokhomedwa pakhoma. Pachitseko panaima Birimankhwe, katswiri wofotokozera olemera zinthu zoti agule. Birimankhweyu diso lina limakhala pa chinthucho, lina pa thumba la wogula.

"Pepani achimwene, pagwa zovuta?" anafunsa Gologolo monong'ona.

"Zovuta zanji? Izi ndi zaluso zamakono."

"Chigudulicho?"

"Chiguduli chimakhala kudzala. Icho chili pakhoma."

"Nanga chikabwerera kudzala?"

"Ndiye kuti ndi chiguduli. Mafunso ako ngakumudzi iwe, choka."

Gologolo sanachoke. Anaona Mvuu, mwini zigayo zonse za m'deralo, akulimbirana chigudulicho ndi Njovu, nduna yosunga chuma cha mfumu. Uyu akatchula mtengo, uyu akweza. Anapambana Njovu, ndipo Mvuu anatuluka ngati waferedwa.

Gologolo anakanda mchira wake. "Kanthu aka, kudzala sukatola, pakhoma sukakwanitsa. Ndakadziwa. Ntchito yanga ndi imeneyi."

Anapeza kachipinda, n'kukapaka laimu, n'kuika kampando kamodzi pakati, n'kuzunguliza chingwe kuti wina asakhudze. Choyamba kugulitsa unali mpini wake womwe wa khasu, wothyoka pakati. Birimankhwe, atamugwiritsa kangachepe m'manja, anafotokoza kuti mpiniwo ndi kulira kwa nthaka. Njovu anagula. Kenako chipande chobooka, kenako nsapato ya mwendo umodzi. Makoswe akudzala anawauza kuti akapeza chilichonse chachilendo azingochisiya pakampandopo. Pawindo pankakonda kuothera dzuwa Gulo, amene mutu wake sukhala phee, umangogwedera. Ogula akazizira, Gologolo ankangoloza pawindopo. "Bwana Gulo avomera! Akweza!" Gulo analibe ngakhale thumba, ndipo sankadziwa n'komwe kuti akugula.

Kumudzi nyumba ya Nankhoma inafoleredwa malata. Amake anayang'ana malatawo, n'kuitana mwana wawo.

"Mwana wanga, amuna akowa m'manja mulibe thuza ngakhale limodzi, koma malata akugula. Amagulitsa chiyani?"

"Akuti zaluso, amayi."

"Zimadyedwa?"

"Ayi."

"Zimavalidwa?"

"Ayi."

"Amakhalira?"

"Akuti osakhudza n'komwe."

"Chinthu chosadyedwa, chosavalidwa, chosakhalira, koma chobala malata. Iai, ndikaone ndekha. Ndikangosuzumira ndibwerako."

Ananyamuka. Ulendo wa fulu mukuudziwa. Mvula inawapeza panjira, anagwa m'matope a katondo, chigoba chonse psuu. Anadutsa m'chisoso, chisoso chinawamata. Pofika pachitseko cha mkamwini anagunda chitini cha laimu, laimu khuthu pamsana. M'nyumba munalibe munthu. Anayang'ana uku, anayang'ana uku, mpando ndi umodzi wokha, pakati.

"Komabe ali ndi ulemu, mpando wa alendo anauzunguliza chingwe kuti nkhuku zisakwerepo."

Anadzera kunsi kwa chingwe, n'kukwera, n'kukhala. Asanapume n'komwe anamva mawu a mkamwini panja, akubwera ndi ogula. M'tauni Gologolo sankayimba kanyimbo kaja, nanga akanayimbira yani? Amake Nankhoma mutu ndi miyendo lowu, phee.

Gologolo analowa, n'kuima. "Eee, makoswe lero agwira ntchito! Wina waumba fulu ndi dothi." Anachizungulira, n'kugogoda pamwamba, go go go. "Cholimba bwino. Achimwene a Birimankhwe, tayambani."

Birimankhwe anatembenuza diso. "Kufiiraku ndi mkwiyo. Kuyeraku ndi kukhululuka. Chisosochi ndi mavuto amene amamata aliyense. Mutu palibe, chifukwa dziko lamasiku ano lilibe mutu."

"Aaa!" anatero onse.

Gologolo analoza m'mphepete mwa chigoba, pomwe panali pobenthuka. "Ndipo taonani apa, mabwana. Apa ndi pomwe mmisiri analira, mpeni n'kumupulumuka. Simudzapeza china chobenthuka chonchi."

Tsikulo Njovu kunalibe, anali kwa mfumu. Mvuu analimbana ndi Gulo yekha. Mvuu akatchula, Gulo gwede. Mvuu akweza, Gulo gwede. Mvuu thukuta kamukamu, mpaka mtambo unaphimba dzuwa, Gulo n'kutsika pawindo kupita kwawo. Mvuu anapambana. Anachikulunga m'bulangete, n'kuchinyamula ngati khanda. Amake Nankhoma anamva zonse, koma akanatulutsa bwanji mutu mkamwini ali pompo?

Gologolo anafika kumudzi thumba lili tho, akuyimba kanyimbo kake patali. Ana anavomera, koma kuseri kwa mpanda sikunamveke kutsokomola.

"Amayi mwawasiya kuti?" anafunsa Nankhoma.

"Amayi ati?"

"Ndili ndi angati? Anapita kukaona ntchito yanu."

"Kunalibe mlendo. Kunangobwera chifulu chadothi, ndipo ndachigulitsa bwino, taona."

Nankhoma anaika pansi lichero. "Chifulucho chinali chobenthuka m'mphepete, mbali yakumanzere?"

"Wadziwa bwanji?"

"Anagwa pachulu ali mtsikana."

Gologolo anakhala pansi. Anayang'ana dzanja lake. "Mayo ine. Ndawagogoda pamsana."

"Kugogoda mukuti n'kanthu? Mwawagulitsa! Anzanu amagulitsa fodya, inu mwagulitsa amayi anga!" Nankhoma analowa m'nyumba, n'kutulutsa mphasa ya Gologolo, n'kuiimika pakhonde. "Mphasa yanu iyi. Mukabwera ndi amayi ilowanso. Mukabwera nokha, muinyamule muzipita kwanu, ana ndi anga, malata muzule."

Gologolo anathamangira kwa Mvuu. Ali pachipata anayamba kanyimbo kaja ka kambalame kopempha njira, poti sakanalowa mwakachetechete m'nyumba momwe muli apongozi. Panalibe ana ovomera, anavomera yekha. Polowa anapeza amake Nankhoma ali pathebulo pabalaza, mutu m'kati, alendo a Mvuu atawazungulira, Birimankhwe ali pakati. Gologolo anakhala chofulatira thebulolo.

"Bwana Mvuu, pachitika ngozi. Chimene ndakugulitsanicho si chadothi. Ndi chamoyo."

"Tikudziwa!" anatero Mvuu mokondwa. "Chimalankhula! Posachedwapa chatulutsa kamutu n'kupempha nkhwani. Chikuti ndi mayi wa munthu, chikufuna kupita kwawo."

"Ndiye simunawamasule?"

Birimankhwe anaseka. "Taonani kusadziwa. Ndiye luso lakelo limenelo. Tonsefe tili ndi amayi, tonsefe tikufuna kupita kwathu. Bwana analira misozi atamva."

"Ndinalira," anavomera Mvuu.

"Koma nkhwaniwo munawapatsa?"

"Kudyetsa zaluso? Chikanenepa chisintha maonekedwe."

"Bwana, ndikunena zoona, amenewo ndi apongozi anga."

Alendo aja anayang'anana. Kenako onse anawomba m'manja. Birimankhwe anasanduka wobiriwira, kenako wachikasu. "Mwamva? Wagulitsa apongozi ake enieni! Alipo wina anachitapo zimenezi? Bwana, mtengo wake wakwera kuposa pomwe munagulira."

"Ngati ndi apongozi ako, taaitana atuluke," anatero Mvuu.

Mkamwini angaitane bwanji apongozi? Ndipo iwo angatuluke bwanji iye alipo? Anamutulutsa Gologolo kunja akumuthokoza.

Anabwerera kumudzi, mphasa ikadali pakhonde. Anatenga thumba lonse lija, n'kuzulanso malata, n'kugulitsa, n'kuphatikiza. Pofika kwa Mvuu anapeza pathebulo pali mbee.

"Wachedwa," anatero Mvuu. "Njovu anamva kuti wogulitsa mwini wake akuchilirira. Usiku sanagone, m'mawa anabwera ndi ngolo yodzaza ndalama. Ndapindula, koma mtima ukundipweteka."

Kwa Njovu kunali mlonda pachipata, dzina lake Nguluwe. Gologolo akudikira kuti amulowetse, anaona kanthu padzala la Njovu. Anayang'anitsitsa. Unali mpini uja.

"Achimwene, uwu si mpini umene bwana anagula kwa ine? Kulira kwa nthaka?"

"Womwewo," anatero Nguluwe. "Anadzapeza kwanga kuli wina wothyoka chimodzimodzi, ndimaphera mbewa. Anakwiya, osadya tsiku lonse. Akuti chinthu chimene mlonda ali nacho iwo sangasunge."

Gologolo anangoti, "Oho," n'kusunga mawuwo.

Njovu anamulandira atakhala pakhonde. Pambali pake panali chibokosi chachitsulo, loko wake ngati mutu wa mwana.

"Bwana nduna, ndabwera ndi zonse zimene Mvuu anandipatsa, ndi zina pamwamba. Nyumba yanga yoyera ija mutengenso. Mundibwezere chinthu chija."

"Ukuwonjezera? Ndiye kuti ndinagula bwino. Sindigulitsa."

"Chili kuti?"

Njovu anasisita bokosi ndi chitamba.

"M'menemo? Ndiye mumachiona bwanji?"

"Kuchiona? Ndichionerenji? Ndagula."

"Simunachione n'komwe?"

"Anachiona Birimankhwe. Ine chimene ndikufuna n'chakuti Mvuu akamadutsa pamsewupo azidziwa kuti chili muno."

M'bokosi munamveka kukanda, kwe, kwe, kwe, kofooka. Kenako kutsokomola. Gologolo kutsokomola kumeneko ankakudziwa kuposa nkhope ya mwana wake. Sakanawalankhula, ndiye anayang'ana kumwamba n'kuyimba kanyimbo kaja, kuti adziwe kuti kunja kuli wawo. Atangofika pomwe ana amavomera, kukanda kuja kunaleka. Zii. Mayi wanjala, mumdima, m'bokosi lokhoma, koma atamva mkamwini anabweza mutu m'chigoba.

"Nyimbo yabwino," anatero Njovu. "Ukugulitsa?"

Gologolo anatuluka. Podutsa padzala anayang'ananso mpini uja, ndipo mchira wake unayamba kugwedera wokha.

Kumudzi sanafikire kunyumba. Anapita kwa alamu ake, azing'ono ndi azikulu a Nankhoma, ndi asuweni awo, afulu okhaokha.

"Alamu, ndithandizeni."

"Eee, wamalonda uja wafika! Bisalani, atigulitsa!"

"Ndiye ndabwerera zomwezo. Ndikufuna ndikugulitseni nonse."

"Tamumvani! Ine mundigulitse kwa Mvuu, alamu, akuti kumeneko kuli mabulangete."

"Iwe ndi chigoba chako chokwinyikacho angakugule ndani? Ukhala basela."

Anaseka, koma Gologolo atafotokoza za bokosi ndi kukanda kuja, kuseka kunatha. Nankhoma naye anabwera, n'kuima patali, manja m'chiuno, kumvetsera.

Tsiku la msika alamu aja anadzigubuduza onse m'katondo, n'kudutsa m'chisoso, Gologolo n'kuwathira laimu pamsana mmodzimmodzi. Anatolanso mwala wobulungira wa msinkhu wa fulu, n'kuubenthula m'mphepete, n'kuupaka chimodzimodzi. Pamsika anawaunjika milu ngati tomato, mwala uli pakati pawo.

"Mukamva kanyimbo kanga, mutulutse mitu muzipita kunyumba. Musanamve, phee."

Ndiye anayamba kukuwa. "Zaluso, zaluso! Zomwe zija za mabwana! Mtengo wake mtedza wodzaza dzanja! Wogula ziwiri, chachitatu basela!"

Nyama zinaunjikana. Chule anafunsa ngati angakhalire. Gologolo anati khalira. Khoswe anafunsa ngati angatsekere pa mtsuko. Gologolo anati tsekera. Nguluwe mlonda atadutsa, Gologolo anamupatsa chimodzi chaulere. "Mukaimikire chitseko cha pachipata, achimwene, chisamamenyeke ndi mphepo."

Sipanapite nthawi, pansi panayamba kugwedezeka. Njovu uyo, chitamba m'mwamba, bokosi pamutu, chifulu cha mlonda kukhwapa, Birimankhwe atakakamira pakhutu. Mvuu naye anali pambuyo, wabwera kudzaseka.

"Gologolo! Ichi n'chiyani chili pachitseko cha mlonda wanga?"

"Zaluso, bwana. Mutenge ziwiri?"

Njovu anaponya cha mlondacho pamulu. "Izi n'zabodza! Chenicheni chili ndi ine!"

"Mwina," anatero Mvuu. "Koma ifeyo tikuona zofanana. Chule akukhalira chimene nduna inagula ndi ngolo."

Msika wonse unaseka. Njovu makutu anaima. Anatsitsa bokosi, n'kutsegula loko, n'kutulutsa amake Nankhoma, n'kuwaika pansi pafupi ndi milu ija. "Birimankhwe, auze kusiyana kwake!"

Gologolo anayang'ana kumbali, n'kukankha mulu umodzi ndi phazi ngati mwangozi. Afulu gubudu gubudu, mulu uwu kugwetsa mulu uwo, onse balala, kusakanikirana. Pofika poti fumbi lithe, pansi ponse panali zigoba zofiira za laimu pamsana.

"Changa ndi chiti?" anabangula Njovu.

Birimankhwe diso lina linapita kumanja, lina kumanzere, osakumananso. Anasanduka wofiira, wakuda, wamawangamawanga. "Bwana, funso limenelo ndi lakuya. Tikati changa, kwenikweni..."

"Ndikuti ndi chiti!"

"Chobenthuka, bwana."

Koma alamu a Gologolo nawo anakulira pa chulu chomwe chija. Obenthuka analipo ambiri.

Njovu anakweza phazi. "Ndiponda chimodzichimodzi. Chimene sichisweka ndicho changa."

"Dikirani, bwana!" anakuwa Gologolo. "Muvutikiranji? Ndili ndi nyimbo imene zabodza sizipirira. Zikaimva zimathawa zokha. Chotsala ndicho chenicheni."

Anayimba kanyimbo ka kambalame kopempha njira, ndipo ulendo uno ovomera analipo. Mitu inatuluka uku ndi uku, afulu onse akuvomera kuti kadutse, n'kuyamba ulendo wa kumudzi, Chule akadali pamsana pa mmodzi. Nyama zinagwira pakamwa. Gologolo anayimba mokweza, mtima uli m'malo, akudziwa kuti patsala mwala wokha.

Atamaliza anasuzumira ndi kangodya ka diso. Panatsala ziwiri.

Wochenjera uja anaiwala chinthu chimodzi. Nyimbo imene inauza alamu kuti tulukani ndi yomweyo imene kwa zaka zonsezi inkauza apongozi kuti bisalani.

"Zatsala ziwiri," anatero Njovu. "Ndiponde chiti choyamba?"

M'gulu la anthu Nankhoma anafuula, "Amayi, thawani!" Koma chigoba chili phee. Mkamwini anali pompo.

"Bwana, chinacho n'chabodza ndithu, koma chikuchita manyazi ndi ine," anatero Gologolo msangamsanga. "Sichingayende ine ndikuona. Ndiloleni ndipite kuseri kwa msika."

Njovu anamugwira mchira ndi chitamba. "Uthawe? Suchoka pano."

"Ndiye nditseka maso."

Anatseka. Chigoba phee. Kutseka maso si kuchoka, mkamwini ndi mkamwini. Phazi la Njovu linayamba kutsika.

"Bokosi!" anakuwa Gologolo. "Nditsekereni m'bokosi lanulo, mukhome ndi loko. Sindithawa, komanso sindikhalapo."

Njovu anaganiza, n'kuona kuti n'zomveka. Anamuponya m'bokosi, chitseko gwa, loko kwatsa.

Nankhoma anayandikira, n'kugwada. "Amayi, awatsekera. Palibe. Tulukani."

Kamutu kanatuluka pang'onopang'ono. Kanayang'ana Njovu, kanayang'ana Birimankhwe, kanayang'ana mwala.

"Ndiye ntchito yake ndi imeneyi?" anatero amake Nankhoma. "Chabwino, ndaiona. Mwana wanga, uli ndi kanthu kodya?"

Nankhoma anawabereka kumsana, ulendo.

Pansi panatsala mwala wokha. Birimankhwe mtundu wake unabwerera. Anatsika pakhutu la Njovu, n'kuuzungulira mwalawo, diso lina lili pa thumba. "Mwaona, mabwana? Zabodza zonse zathawa pamaso pake. Ichi sichipempha nkhwani, sichitsokomola, sichifuna kupita kwawo. Chafika pa luso lenileni. Dziko lonse chilipo chimodzi chokha."

Njovu anayang'ana Mvuu. Mvuu anayandikira. "Nduna, mungandigulitse?"

"Sindigulitsa," anatero Njovu, chimwemwe chili tho. Anatola mwala, n'kutembenukira ku bokosi. M'katimo munamveka kukanda, kwe, kwe, kwe.

"Taimani, bwana," anatero Birimankhwe. "Taganizani. Wogulitsa zaluso, wotsekeredwa m'bokosi la zaluso, akukanda. Chimenechinso palibe ali nacho."

Njovu chitamba chinaima m'malere. "Zoona?"

M'bokosi munatuluka mawu ang'ono. "Bwana nduna! Agologolo tili mbwee m'mitengo monse! Ngakhale kuseri kwa nyumba ya mlonda wanu kuli atatu!"

"Ndi zoona, bwana," anatero Nguluwe. "Amandibera mtedza."

Njovu anatsegula loko, n'kumukhuthula Gologolo pansi ngati zinyalala, n'kuikamo mwala, n'kukhoma, thumba la Gologolo litatsalira momwemo. Mpaka lero bokosilo silinatsegulidwe, ndipo Mvuu akamadutsa pamsewupo amayang'ana kumbali.

Gologolo anafika kumudzi wopanda thumba, wopanda malata, akuyimba kanyimbo kake patali. Ana anavomera. Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. Pakhonde mphasa panalibe, inali italowa.

Nankhoma anatuluka. "Amayi asamba, adya. Akuti ndikufunseni mawu."

Gologolo anagwada chofulatira mpanda. "Ndikumva."

"Akuti, pa ogula awiri aja, amene anapereka zambiri ndani?"

"Njovu. Anachita kubwera ndi ngolo."

Nankhoma anapita kuseri, n'kubwerako. "Akuti bambo anga powakwatira anangopereka nkhuku, ndiye mtima wawo wakhala pansi pang'ono. Koma akuti pali china. Mutembenuke, muwayang'ane kamodzi kokha, muwadziwe. Mungadzawagulitsenso."

Amake Nankhoma anatuluka kuseri kwa mpanda, n'kuima pabwalo, mutu lowu. Gologolo anatembenuka. Kanali koyamba chikwatirireni. Anayang'ana chigoba chosamba bwino, chopaka mafuta a nsatsi, mizere yake ngati yolemba ndi dzanja, pobenthuka paja pakuwala. Anayang'ana, n'kupendeketsa mutu, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, manja kumbuyo.

"Nankhoma," ananong'ona, "koma Mvuu uja anandibera. Ndinawagulitsa motchipa."

M'chigoba munamveka mawu, oyamba kulankhula kwa mkamwini osadzera mwa munthu.

"Ndamva."

Gologolo analumpha, tsiku lomwelo ali pamwamba pa mtengo. N'chifukwa chake mpaka lero mukamuona amangosuzumira kuseri kwa nthambi, kuyang'ana kamodzi, n'kubisala.

Yathera pompo. Wina akaone mbatata paphulusa paja, ndipo ikapserera musataye, tikaikhoma pakhoma.